Bokosi la Msilikali wa Keyala

M'nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malindi, muli bokosi lachitsulo losatsegulidwa kawirikawiri. Lathu tidalitsegula titachokera kumanda kokaika agogo athu aamuna. Tidapezamo mamendulo, chikalata chotulukira usilikali ndi tasibihi yoperepeseka ndi zala. Munthu amene tinkamudziwa ngati msodzi ndi muazini wa pamzikiti pathu adagwira mfuti zaka 22.

Gulu lawo linali King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala. Lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo asilikali a ku Nyasaland likulu lawo linali ku Zomba. Atsamunda ankakonda kulemba Ayao, motero ambiri mwa asilikali oyambirira anali Asilamu. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ntchito zolipira zinali zosowa. Wosafuna kupita kumigodi ya ku Joni kapena kuminda ya azungu ankalowera ku Zomba.

Agogo adalembedwa mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati. Mu 1943 adawoloka nyanja yamchere kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 adalowa ku Burma kukamenyana ndi asilikali a Japan. Adadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosalekeza mpaka kufika kumtsinje wa Chindwin. Malungo ndi matope zidawasautsa mofanana ndi zipolopolo. Nkhondo itatha iwo sadavule yunifomu: adatumizidwanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, nadzapuma mu 1964, chaka chimene gulu lawo lidasanduka Malawi Rifles.

Zaka zonsezo adatumikira mfumu imene sadaionepo, pa nkhondo zimene sadaziyambe. Sitibisa zimenezi, ndipo iwonso sankazinyadira. Nkhani imodzi yokha ndiyo ankaibwereza: kuti mnzawo wa ku Namwera ataphedwa m'nkhalango ya Burma, adamuswalira janaza ali anthu atatu, bulangete lili m'malo mwa sanda, atalingalira za Qibla poyang'ana kolowera dzuwa. Ankaopa kuti mwina adalakwitsa, ndipo ankamupemphera duwa munthuyo mpaka ukalamba wawo.

Atabwerera kumudzi, ndalama zopumira adagulira bwato ndi ukonde. Adalera ana asanu ndi awiri pamodzi ndi amasiye atatu a mlongo wawo. Atsikana ndi anyamata omwe ankapita kusukulu m'mawa, kumadrasa masana, pa nthawi imene makolo ambiri ankaopa kuti sukulu iwachotsera ana Chisilamu. Iwo ankati kunkhondo adaona mmene munthu wosadziwa kulemba amavutikira kutumiza ngakhale moni kwa mkazi wake. Achinyamata akamavina beni, gule wotsanzira perete wa asilikali, iwo ankangomwetulira n'kupita kukasoka ukonde.

Mwezi wa Novembala uliwonse akuluakulu amaika nkhata za maluwa pachipilala cha chikumbutso ku Zomba. Koma chipilala sichidziwa za janaza ya anthu atatu ija, ndipo nafenso dzina la mnzawo wa ku Namwera tidaliiwala, chifukwa sitidalilembe iwo ali moyo. Ngati m'nyumba mwanu muli bokosi lotere, litsegulireni pamaso pa agogo aakazi amene akadalipo, mufunse, mulembe. Allah awakhululukire onse awiri ndi kuwakulitsira manda awo.