Amene Anatsegula Chipata cha St James's Park

Munthu woyenda pansi mu London, pochoka ku Westminster kulowera ku Buckingham Palace, amadutsa mu St James's Park, ndipo alendo ambiri amaiona pakiyi ngati mphatso ya mafumu okoma mtima. Mbiri yake ikunena zina: chipata chinatseguka chifukwa mfumu inkafunika kuonedwa ndi anthu ake. Kale malowa anali dambo, pafupi ndi chipatala cha amayi odwala khate. Mfumu Henry VIII anawatenga mu 1532 n'kuwatchinga ndi mpanda kuti azisakamo agwape, ndipo James I anaumitsa dambolo n'kumawetamo ngamila, ng'ona ndi njovu. Munthu wamba analibe chake m'menemo.

Pa 30 January 1649, Charles I anadutsa m'pakiyi wapansi, asilikali atamuzinga, kupita ku Whitehall kokadulidwa mutu. Mwana wake, Charles II, atabwerera pampando mu 1660, anakumbitsa ngalande yaitali yowongoka motengera minda ya ku France, n'kulola anthu kulowa. Iye mwini ankayendamo ndi agalu ake, kudyetsa abakha anthu akumupenya pafupi. Mwana wa mfumu yophedwa pagulu sakanachita zimenezi mwangozi. Anadziwa kuti mfumu yobisala kuseri kwa mpanda imasanduka mlendo kwa anthu ake. Ngakhale mbalame za vuwo, zomwe kazembe wa ku Russia anabweretsa mu 1664 ndipo mtundu wake umawetedwabe kumeneko, zinali ulemerero woti uonekere pagulu.

Wina angatsutse kuti Charles I yemweyo anali atatsegula kale Hyde Park mu 1637, mantha obwera ndi kuphedwa kwake asanagwire mafumu. N'zoona, koma nthawi imeneyo Hyde Park inali kunja kwa mzinda, kokakwera akavalo ndi ngolo anthu olemera, pomwe St James's inali pakhomo penipeni pa mfumu. Wina anganenenso kuti malowa mpaka lero ndi a ufumu, ndipo anthu amalowamo mololedwa chabe. Papepala zili choncho. Komatu anthu atazolowera kudutsamo, mpaka kumagula mkaka wokamidwa pomwepo kwa amayi oweta ng'ombe, panalibenso mfumu yomwe ikanatseka chipata popanda chipwirikiti. George IV anangosintha maonekedwe ake: katswiri wa zomangamanga John Nash anasandutsa ngalande ija nyanja yokhotakhota m'zaka za m'ma 1820. Pofika 1851, lamulo la Crown Lands Act linapereka kasamalidwe ka mapaki a mafumuwa m'manja mwa boma.