Mliri Wakuda ndi Ayuda a ku Strasbourg

Inu akumva, lero tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 600. M'chaka cha 1347 zombo zamalonda zinafika pa doko la Messina ku Sicily zitanyamula nthenda yoopsya, imene inatchedwa Mliri Wakuda. Pa zaka zochepa inapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya. Asing'anga anagwira njakata, palibe anadziwa gwero lake.

Mudziwa inu momwe zimakhalira maliro akachuluka pamudzi: mtima wa munthu subvomera kuti imfa yangobwera yokha, ufuna woloza chala. Tsono chala chinaloza Ayuda, anthu ochepa, a chipembedzo china, opanda asilikari owateteza. Mbiri inabuka yakuti athira chiphe m'zitsime. M'chaka cha 1348 Ayuda ena anazunzidwa m'linga la Chillon, pa nyanja ya Geneva, kufikira anabvomera mlandu umene sanauchite. Kodi munthu womva ululu wotere angakane chiani? Mau aowo analembedwa m'makalata ndi kutumizidwa ku mizinda yina ngati umboni.

Papa Clement VI anatsutsa bodzali chaka chomwecho. Iye anati Ayuda nawonso alikufa ndi mliri, ndipo nthendayo ikusakaza ngakhale kumene kulibe Myuda. Anthu ambiri sanamvere.

Ku Strasbourg akulu a mzinda anayesa kutchinjiriza Ayuda ao, koma magulu a amisiri ndi ogulitsa nyama anawachotsa pa mipando. Pa 14 February 1349 Ayuda mazana ambiri anatenthedwa amoyo, ndipo olemba mbiri akale amati analipo ngati 2,000. Apa mvetsetsani: tsiku limenelo mliri unali usanalowe n'komwe mumzindamo. Masiku amenewo Ayuda anali oletsedwa nchito zambiri, chotero ena ankakhalira kukongoza ndalama, ndipo anthu ochuluka, olemera omwe, anali nazo ngongole kwa iwo. Ataphedwa, ngongole zonse zinafafanizidwa, chuma chao nachigawana. Mfumu Charles IV inakhululukira mzindawo osalanga munthu.

Patapita miyezi yowerengeka mliri unafikabe ku Strasbourg, nupha anthu omwa m'zitsime zomwezo popanda Myuda wakumnamizira. Chochititsa chake chinadziwika m'chaka cha 1894, pamene dokotala Alexandre Yersin anapeza kachirombo kake ku Hong Kong. Pambuyo pake kunaoneka kuti kamafalitsidwa ndi nthata za pa makoswe.