MIYALA NDI ZILUMBA ZA KU CAPE MACLEAR

Kumwera kwa Nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, kuli dziko lamapiri lolowa m'nyanja ngati cala. Dzikolo lichedwa Nankumba, ndipo ligawa nyanja mbali ziwiri. Kunsonga kwace kuli mudzi waukuru wa asodzi wochedwa Chembe, pamalo pamene Azungu anacha Cape Maclear.

Mapiri a kumeneko ngodzala ndi miyala ikuruikuru yosanjikizana. Panjira yotsikira ku Chembe pali Mwala wa Mphini, umene uli ndi mizere yonga mphini za pankhope, ngakhale palibe munthu anautema. M'tsinde mwa mapiri muli cigwa cacing'ono camcenga, momera milambe. Kutsogolo kwa gombe kuli zilumba za Domwe, Thumbi ndi Mumbo. Pamene mphepo ya mwera ikalipa m'miyezi yacisanu, mapiri aja aiteteza, kotero kuti madzi a pagombepo amakhala abata. Bata limeneli ndi miyala imeneyi ndizo zinalemba mbiri ya malowo.

Dotolo David Livingstone anafika ku nyanjayi m'caka ca 1859. Pobweranso ndi ngalawa m'caka ca 1861, anaona nsonga ija, naicha dzina la bwenzi lace Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Iye atamwalira m'caka ca 1873, anthu a ku Scotland anatuma amishoni kudzapitiriza nchito yace. Mtsogoleri wa ulendowo anali E. D. Young, ndipo pamodzi naye panali Dotolo Robert Laws. Anabwera ndi sitima yaing'ono yochedwa Ilala, imene amtengatenga anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. M'mwezi wa October, 1875, Ilala inalowa m'nyanja, ndipo popeza sitima ifuna dooko labata, amishoni anasankha Cape Maclear, namangapo mishoni ya Livingstonia.

Koma malo okoma kwa sitima sanali okoma kwa anthu. Cigwa cinacepa, nthaka yace sinali yolimamo zambiri, ndipo malungo anali oopsa. Dotolo William Black anamwalira m'caka ca 1877, ena namtsata. Manda ao alipo kufikira lero m'tsinde mwa phiri. M'caka ca 1881 amishoni anabatiza Albert Namalambe, Mkristu wao woyamba, ndipo caka comweco anasamukira ku Bandawe. M'caka ca 1894 anakwera ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia wa lero.

Bata lomwelo linaitananso alendo ena m'caka ca 1949. Ndege zotera pamadzi, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinayamba kuima pa Cape Maclear. Koma patapita caka cimodzi cokha, ndegezo zinaleka.

Masiku onsewo cuma ceniceni ca malowo cinali cobisika pansi pa madzi. Miyala ya m'mapiri itsikira m'nyanja momwe, ndipo m'mipata yace mukhala tinsomba tamaangamaanga tochedwa mbuna. Zambiri za izo zidya ndere zomera pamiyala. Yaikazi isunga mazira ace m'kamwa kufikira ataswa. Mbuna sizikonda kuoloka mcenga kapena madzi akuya, koma zikhala pamiyala pamene zinabadwira. Cifukwa cace mbuna za cilumba cimodzi zinasiyana pang'onopang'ono ndi za cilumba cinzace, kufikira zinasanduka mitundumitundu. Akatswiri awerenga mitundu yoposa 300, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mtundu wina nyumba yace ndi cilumba cimodzi cokha.

Pofuna kusunga nsombazi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'caka ca 1980. Malowo ngokwana masikweya kilomita 94. M'kati mwace muli mapiri a Nankumba, zilumba 13 kuphatikizapo za Maleri ndi Boadzulu, ndiponso madzi a m'mbali mwace kufikira mamita 100 kucokera pagombe. M'madzi amenewo lamulo liletsa kupha nsomba. Pamtunda pasungika anyani, mbira, ng'azi ndi nkhwazi. M'caka ca 1984 bungwe la UNESCO linalemba malowo m'kaundula wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Koma eni dziko sanacotsedwe. Midzi ya Chembe, Masaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale iri pomwepo, yozingidwa ndi malo osungidwawo. Anthu ace akhalira usipa ndi utaka, ndipo afuna nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba. Apa ndipo pagona bvuto. Mitengo ya m'phiri ikatha, mvula ikokolola dothi, nilitayira m'nyanja. Dothi likakwirira miyala, ndere zifa, ndipo mbuna zisowa cakudya. Motero nkhwangwa ya m'phiri ikhoza kupha nsomba imene ukonde sunaikhudze.

Amishoni anapeza malo ena, ndege nazonso zinapeza mabwalo ena. Mbuna ziribe kwina kothawira. Mtundu umodzi ukatha pa cilumba cace, watha pa dziko lonse, ndipo akuru ananena kale kuti madzi akatayika saoleka.