Kodi "arigato" ndi mwana wa "obrigado"?

FUNSO: Ndimachita geni kumalire a Dedza, ndipo anzathu a ku Mozambique pothokoza amati "obrigado". Mwana wanga wayamba kuphunzira Chijapani, akuti kumeneko zikomo ndi "arigato". Kodi Ajapani anabwereka mawuwa kwa Apwitikizi? — Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO: Ayi ndithu, ngakhale kuti ambiri amatero. Makutu ndiwo akutinamiza apa, chifukwa mawu awiriwa alibe ubale uliwonse.

Apwitikizi anafika ku Japan koyamba mu 1543, pa chilumba cha Tanegashima. Pofika nthawiyo n'kuti tsinde la "arigato" litakalamba kale. Mawuwa amachokera ku "arigatashi", momwe muli "ari", kukhalapo, ndi "katashi", kuvuta. Tanthauzo lake loyamba linali chinthu chosapezekapezeka. Mayi wina wa kunyumba yachifumu, Sei Shonagon, anawagwiritsa ntchito m'tanthauzo limeneli m'buku lake la Makura no Soshi cha m'ma 1000, zaka zoposa 500 ngalawa za Apwitikizi zisanaoneke. Pang'onopang'ono anthu anayamba kuwanena poyamikira: zimene mwandichitirazi sizichitika wamba. Kunena zoona, ndi kuthokoza kolemera kuposa "obrigado", amene amangotanthauza kuti ndili ndi ngongole kwa inu.

Komabe sikuti mwaphonyeratu. Apwitikizi anasiyadi mawu ku Japan. Buledi kumeneko ndi "pan", fodya ndi "tabako", batani la malaya ndi "botan". Chosangalatsa ndi "karuta", makhadi osewerera, amene anachokera ku "carta". Mawu omwewo ndi amene anatipatsa ife "kalata", monganso nsapato zathu zinachokera ku "sapato". Ndiye ngati mukufuna chibale pakati pa Chichewa ndi Chijapani, chifuneni pamenepo.

FUNSO: Nanga "konnichiwa" ndi "sayonara"?

YANKHO: Onsewa ndi ziganizo zoduka mchira. "Konnichi wa" ndi kungoti "lero...", ndipo kale ankapitiriza kufunsa kuti munthu ali bwanji lero. Mbali yotsalayo inagwa panjira, moni n'kutsala womwewo. Amagwira masana okha. M'mawa amati "ohayo gozaimasu", madzulo "konbanwa". "Sayonara" anachokera ku "sayo naraba", kutanthauza "ngati zili choncho". Mafilimu anawatchukitsa kwambiri, koma Ajapani eniake sawanena kawirikawiri, poti amamveka ngati mukusiyana kwa nthawi yaitali. Mabwenzi oti aonananso mawa amangoti "ja ne" kapena "mata ne".

Mwana wanuyo mumuuze chinthu chimodzi asanakachite manyazi: "arigato" yekha ndi wa anzake a msinkhu umodzi ndi a m'banja. Kwa aphunzitsi, abwana kapena mlendo, aziwerama pang'ono n'kunena kuti "arigato gozaimasu".