Nkhondo ya Chiwaya: Momwe Inafikira kwa Makolo Athu

1. Chiyambi cha nkhondo

Mu 1914 mayiko akuluakulu a ku Ulaya anali atagawikana pawiri. Kwina kunali Germany ndi Austria-Hungary. Kwina kunali Britain, France ndi Russia. Ankalimbirana madera a mu Africa, misika ndi ulamuliro wa panyanja. Aliyense ankasula mfuti ndi kupanga sitima zankhondo. Anapangananso kuti woputa mmodzi waputa onse.

Pa 28 June 1914, Franz Ferdinand, amene akanalowa ufumu wa Austria-Hungary, anawomberedwa ku Sarajevo. Austria-Hungary inaimba Serbia mlandu wa imfayi n'kuiukira, ndipo mapangano aja anakokeramo enawo.

2. Nkhondo ifika kwathu

Nyasaland, yomwe lero ndi Malawi, inali m'manja mwa Angerezi. Kumpoto kwake kunali dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania. Pa 9 September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Nkhondo yonseyi anthu anaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Mbusa John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti Aafirika osauka akufera mkangano wa eni ake.

3. Dziko lomwe linali pambali

Portugal, yomwe inkalamulira Mozambique, poyamba sinalowe nawo nkhondoyi. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Apwitikizi ankaopa kulandidwa Mozambique ndi Angola, komanso anali pa ubale wakale ndi Britain. Mu February 1916, Britain itawapempha, analanda sitima za Ajeremani zomwe zinali pa doko la Lisbon. Pa 9 March Germany inalengeza nkhondo ndi Portugal. Mu November 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kugonjetsa Apwitikizi pa Ngomano.

4. Anasenza nkhondo ndani?

Misewu inali yochepa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Choncho ufa, zipolopolo ndi matenti zinayenda pamutu pa anthu. Ku Nyasaland amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga. Munthu ankasenza katundu woposa makilogalamu 20, wopanda nsapato, mvula ili pamsana. Ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala. Kumudzi minda inatsala ndi amayi ndi nkhalamba.

Ku Mozambique apolisi ankagwira anthu mokakamiza. Mu March 1917 anthu a ku Barue anagalukira Apwitikizi, ndipo moto wake unafika ku Tete ndi Zumbo. Atagonja, ambiri anathawira ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero.

Kumenekonso boma linakhazikitsa Rhodesia Native Regiment mu 1916. Ambiri mwa asilikali ake anali obwera, ena a ku Nyasaland ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu.

5. Mathero

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 November 1918. Lettow-Vorbeck anapereka zida pa 25 November ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ku Zambia. Ogawana phindu anali mafumu a ku Ulaya. Maliro anatsalira midzi yathu.

6. Mawu kwa inu

Inu a ku Entumbane, ku Zimbabwe, amene makolo anu anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, mbiri iyi ndi yanu. Funsani akuluakulu dzina la amene anapita ku tengatenga kapena ku usilikali. Mulilembe m'kope lanu, ndipo muwawerengere adzukulu.