Ziphaso za Malonda Ang'onoang'ono ku Bertrams

Bertrams ndi dera laling'ono lomwe lili chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, moyandikana ndi bwalo la masewera la Ellis Park komanso madera a Lorentzville ndi Judith's Paarl. Linakhazikitsidwa mu 1889, patangotha zaka zitatu mzindawu utayamba chifukwa cha golide, ndipo dzinali linachokera kwa Robertson Fuller Bertram, yemwe ankagula ndi kugulitsa malo. Lero m'derali mumakhala anthu ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, Amalawi ali momwemo, ndipo ambiri amadalira geni.

Pa nthawi ya boma la tsankho, lamulo la Group Areas Act la 1950 linkagawa malo okhala ndi ochitira malonda potengera khungu, ndipo Bertrams anali wa azungu. Munthu wakuda ankaloledwa kutsegula sitolo m'malokeshoni mokha, ndipo ngakhale kumeneko chiphaso chinkavuta kupeza. N'chifukwa chake anthu anayamba kugulitsa buledi, shuga ndi parafini mobisa m'nyumba zawo, ndipo timasitolo timeneti nditomwe tinadzatchedwa spaza. Mu 1991 lamulo la malo lija linathetsedwa, ndipo chaka chomwecho kunabwera Businesses Act, lomwe linachotsa ziphaso zambiri zakale. Zinatsala ndi za ogulitsa chakudya chophika kapena chosachedwa kuwonongeka, za malo achisangalalo monga ovinira usiku, ndi za oyenda nacho chakudya m'misewu.

Wofuna chiphaso amapita ku khonsolo ya mzinda, yomwe imatumiza a zaumoyo, a ozimitsa moto ndi a zamapulani kuti akaone malowo. Wogulitsa chakudya amafunikanso kalata yotchedwa Certificate of Acceptability, malinga ndi malamulo a R638 a 2018, yotsimikiza kuti pamalopo pali madzi, posamba m'manja ndi posungira zakudya pabwino. Za mowa n'zapadera: zimadzera ku Gauteng Liquor Board.

Koma ku Bertrams chopunthwitsa chachikulu ndi nyumba. Malo ambiri kumeneko analembedwa kuti ndi okhalamo anthu, choncho wofuna kugulitsirapo amayenera kupeza chilolezo pansi pa Land Use Scheme ya mzindawu ya 2018. Kuboola khoma kapena kumanga kachipinda kutsogolo kumafuna mapulani ovomerezeka, monga likunenera lamulo la zomangamanga la 1977. Pamwamba pa izo pali lamulo loteteza zinthu zakale la 1999, lomwe limaletsa kusintha nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, ndipo nyumba zambiri za ku Bertrams zinadutsa kalekale msinkhu umenewo. Mapepala onsewa amafuna mwini nyumba. Wamalonda wochita lendi, ngakhale akhale waukhondo bwanji, sangapite patali ngati landilodi sapezeka kapena safuna kusaina.

Makhoti akhala akulowererapo. Mu Okutobala 2013 khonsolo inachotsa ogulitsa m'misewu ya pakati pa mzinda pa ntchito yotchedwa Operation Clean Sweep, osasiya ngakhale omwe anali ndi zilolezo, koma mu Disembala chaka chomwecho Constitutional Court inalamula kuti abwerere m'malo awo. Mu 2014, pa mlandu womwe bungwe la Somali Association of South Africa linasumira akuluakulu a chigawo cha Limpopo, Supreme Court of Appeal inagamula kuti othawa kwawo ndi opempha chitetezo ali ndi ufulu wofunsira ziphaso za malonda. Chigamulochi sichithandiza kwenikweni Amalawi, pakuti ambiri sali m'gulu limeneli, pomwe viza ya bizinesi imafuna mpamba wa R5 miliyoni, ndalama yomwe wokazinga tchipisi sangailote.

Zinthu zinathina pa 15 Novembala 2024, pomwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti spaza zonse zilembetsedwe ku makhonsolo pasanathe masiku 21. Izi zinadza ana asanu ndi mmodzi atamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi mankhwala a terbufos, omwe ndi a kumunda koma amagulitsidwa mozemba ngati ophera makoswe. Pambuyo pake tsiku lomaliza linasunthidwa kufika pa 28 Febuluwale 2025.

Malonda enieniwo ndi osangalatsa kuwaona. Nyumba zakale za ku Bertrams zinamangidwa ndi makhonde oyang'ana kumsewu, ndipo makhondewo ndiwo asanduka misika. Pena pali telala ndi makina ake, pena wometa, pena wokonza mafoni, pena mayi wogulitsa tomato, anyezi ndi nsomba zouma. Galaja yasanduka golosale, ndipo wogula amalandira katundu kudzera pa zenera la zitsulo. Spaza ndi mbale wake wa okala ya ku Ndirande kapena ku Kawale: amagulitsa dzira limodzi, kandulo mmodzi, mafuta ophikira oyeza pang'ono, ndipo kasitomala wodziwika amakongozedwa mpaka mwezi uthe. Malo ophikira nawo amatsata anthu ake, moti Mmalawi wa ku Joni amadziwa komwe angapeze nsima yolimba bwino, chimodzimodzinso anzake a ku Mozambique ndi ku Congo. Telala ndi wokonza mafoni safunika chiphaso cha lamulo la 1991, ngakhale za malo zimawakhudzabe. Mayi wophika chakudya ndiye amafunika pafupifupi mapepala onse.

Malamulowa mwina angateteze ogula ndi ogulitsa omwe, malinga njira yopezera mapepala itafupika kwa anthu a lendi. Pakadali pano amene amayenda m'misewu kufunsa zilolezo ndi apolisi a mzinda a JMPD, omwe ali ndi mphamvu yolipiritsa chindapusa ndi kulanda katundu wa ogulitsa m'misewu.