Chip Imodzi ya Jack Straus

Mu 1982, anthu 104 analipira madola 10,000 aliyense kuti alowe mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Binion's Horseshoe, mumzinda wa Las Vegas. Mmodzi mwa iwo anali Jack Straus wa ku Texas, chimunthu chachitali chimene anzake ankachitcha Treetop. Masewera ali mkati, Straus anakankhira ma chip ake pakati pa tebulo, n'kuluza. Poti anyamuke azipita, anapeza chip imodzi ya madola 500 itabisika pansi pa kansalu kopukutira m'manja. Popeza sananene ndi pakamwa kuti wabetcha zonse, anamulola kukhalanso pansi. Pamapeto pake ndiye anapambana mpikisano wonsewo, n'kupita kwawo ndi madola 520,000.

Osewera amalimbitsana mtima ndi nkhaniyi mpaka lero, amvekere bola uli ndi chip ndi mpando. Koma nkhani yomweyi yagwetsa ambiri, chifukwa amaimva ngati ikuwauza kuti adikire mwayi.

Kudikirako n'kumene kumapha. Pa poker ya mpikisano, makadi asanagawidwe osewera awiri amakakamizidwa kuponya kaye ma blind, ndipo mtengo wake umakwera wotchi ikamayenda. Amene watsala ndi ma chip ochepa akangokhala phee kuyembekezera makadi abwino, mulu wake umadyeka ngati chimanga cha m'nkhokwe yolowa anankafumbwe. Akadzawapeza makadiwo, watsala ndi zochepa zoti sizingaopseze aliyense, ndipo anzake amamutsatira mosaganiza kawiri.

Akale ankazidziwa zimenezi mwa kuzolowera chabe. Amene anaziika m'masamu ndi Paul Magriel, katswiri wa backgammon yemwe anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1978. Njira yake ndi yosavuta: ma chip ako uwagawe ndi ndalama zimene umataya makadi akazungulira tebulo kamodzi. Yankho lake, lotchedwa M, limasonyeza maulendo amene wakutsalira usanatheretu. Dan Harrington, wopambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 1995, anaifalitsa mu 2005 m'buku lachiwiri la Harrington on Hold'em, limene analemba ndi Bill Robertie. Iye anati M ikaposa 20 munthu ali pabwino, koma ikatsikira pa 5 zochita zatsala ziwiri basi, kutaya makadi kapena kubetcha zonse. Anatsindikanso kuti ndi bwino kukhala woyamba kulowa, anzako akadali ndi chifukwa chokuopera. Bukulo linafika pa nthawi yake, pakuti Chris Moneymaker atapambana mpikisano womwewo mu 2003 khamu linakhamukira ku masewerawa, ndipo olowa mpikisanowo anachoka pa 839 kufika pa 8,773 mu 2006.

Komabe kulimba mtima kuli ndi malire ake, ndipo nawonso anawerengeredwa. Mu 1987 Mason Malmuth anabweretsa ku poker masamu ofanana ndi amene David Harville analemba mu 1973 okhudza mipikisano ya akavalo. Lero amatchedwa ICM. Mfundo yake ndi yakuti chip imene waluza imakupweteka kuposa mmene chip imene wapata imakuthandizira, chifukwa mphotho imakwera aliyense akatuluka. Ngati mnzako wa patebulo watsala pang'ono kugwa, kutaya makadi abwino ndithu kungakhale kwanzeru. Apa m'pamene pamaonekera luso lenileni, chifukwa nzeru ziwirizi zimakokera kosiyana ndipo wosewera ali ndi kanthawi kochepa kuti asankhe yoti aimvere.

Martin Jacobson wa ku Sweden anasonyeza mmene zimachitikira mu Novembala 2014. Pa anthu 6,683 amene analowa mpikisano waukulu wa World Series of Poker chaka chimenecho, anafika patebulo lomaliza la anthu 9 ali wachiwiri kuchokera kumunsi. Kwa maola ambiri anakhala ndi mulu waung'ono, akubetcha zonse mobwerezabwereza pamene waona kuti anzake sangayerekeze kumutsatira, n'kumataya makadi pamene ena akumenyana okhaokha. Atatsala awiri ndi Felix Stephensen wa ku Norway, anagwira ma 10 awiri, lachitatu linatuluka patebulo, ndipo anatenga madola 10 miliyoni.